ZA M'BANJA: Mlendo Wakudwala kwa Apongozi

Mwezi uno sitisimba za mabanja a eni ai, koma za ife tokha, pakuti tidachita chinthu chopusa. Ndipo tiyesa kuti mwa abambo amene amva kalata iyi ili kuwerengedwa pakhonde alipo ena amene adachichitanso.

Idapita miyezi yambiri tisanaponde kwa apongozi athu, amene akhala m'mudzi wina pafupi ndi Boma la Mchinji, kufikira mau adatipeza akuti: kodi ana aja adatitaya? Tsono tidapangana ndi amayi a kunyumba kuti tinyamuke Loweruka lina m'mwezi wa Malichi, tikagone masiku awiri, ndi kubwerera Lolemba m'mawa. Ndipo tidatumiza mau. Koma Lachisanu madzulo mutu udayamba kutilemera, m'mfundo monse muli kuphwanya, m'kamwa muli kuwawa. Amayi a kunyumba adatiyang'anitsitsa nati: "Abambo, maso anuwa sali bwino. Tiyambe taonekera kuchipatala, kwathu sikuthawa." Ife tidayankha kuti nkutopa chabe ndi ntchito ya kumunda. Chenicheni chimene tidaopa ndi ichi: mkamwini akatumiza mau kuti ali kudza, eni mudzi nasinja chimanga, nagwira nkhuku, iye osafika, mbiri yake siitha msanga.

Kuchokera ku Lilongwe kufika ku Boma la Mchinji ndi mtunda wa makilomita 109, ndipo munthu wamoyo akondwa nawo ulendowo, poona minda ya fodya, ya chimanga ndi ya mtedza ili yobiriwira mbali zonse ziwiri za mseu. Ife sitidaone kanthu. Pa Msundwe tidatseka zenera la galimoto. Pa Namitete tidapempha chitenje kuti tifunde, dzuwa lili kuswa mtengo. Pa Kamwendo mano adali kugundana. Pamenepo mpamene tidawonjeza kulakwa kwachiwiri, pakuti tidalamula amayi a kunyumba kuti tikafika asakanene kanthu.

Makolo athu adatisiyira mwambo wa malonje. Mlendo akakhala pamphasa, eni nyumba amfunsa za kumene achokera ndi za m'njira, ndipo iye afotokoza zonse, za mvula, za maliro, za wakudwala. Pambuyo pake eni ake afotokoza zao. Mwambowu sudaikidwe kuti anthu atayitsane nthawi iai, koma kuti wina adziwe katundu amene mnzake wasenza. Ife pofunsidwa tidaomba m'manja ndi kunena kuti kwathu nkwabwino, ndi ifenso tili bwino. Lidali bodza, lonenedwa mwaulemu.

Apongozi aamuna ndi munthu wokonda mbiri yakale, ndipo masana onse adaticheza pansi pa mtengo wa mango. Adatikumbutsa kuti Bomalo kale linkatchedwa Fort Manning, potengera dzina la William Manning, msilikali wa Chingerezi amene pambuyo pake adakhala bwanamkubwa wa dziko lino. Kuti malire a Zambia ali pa makilomita 12 okha. Kuti Ansembe Oyera adafika ku Kachebere m'chaka cha 1903, ndi kuti m'chaka cha 1939 adatsegula komweko seminale yaikulu, imene idaphunzitsa ansembe ambiri a m'dziko muno ndi a ku Zambia. Adasimbanso za mkango umene udasautsa dera limenelo cha m'ma 1930, nupha anthu ambiri usanaphedwe. Ife tidangovomera ndi mutu, thukuta lozizira lili kutsika kumsana, osadziwa kuti kachirombo kochepa koposa mkango, ndi kakupha anthu ambiri koposa mikango yonse, kadatiluma kale.

Madzulo idafika nsima ya ufa woyera, nkhuku, ndi nkhwani wotendera. Tidakhala awiri ndi alamu athu, monga mwa mwambo. Tidatema kawiri, katatu, mtima nkuyamba kuchita mseru, ndipo tidasamba m'manja. Alamu adayesa kuseka nafe, nati kodi nsima ya ku Mchinji yatikanika. Koma mbale zidabwerera kukhitchini nthuli zili momwemo. Inu amayi amene muwerenga, mudziwa bwino chimene mbale yotere inena kwa amene adaphika. Kuseri kwa mpanda tidamva apongozi aakazi ali kufunsa mwana wao ndi mau otsika: "Kodi takulakwirani chiyani? Kapena alipo adawauza kuti kuno timathira kanthu m'ndiwo?" Ndipo mwana wao, womangidwa ndi lamulo lathu, adasowa choyankha. Taonani kumene manyazi adatifikitsa: poopa kusautsa apongozi tidawabaya mtima, ndipo mkazi amene tidalonjeza pa guwa kuti tidzamsunga tidamuika pakati pa mayi wake ndi mwamuna wake.

Pakati pa usiku thupi lidatentha ngati mbaula, tidasanza, ndipo akuti tidayamba kulankhula zosamveka. Apo amayi a kunyumba adaswa lamulo lathu, nathamanga kukagogoda kwa makolo ao. Ndipo adachita bwino, pakuti kumvera kotere sikukondweretsa Mulungu. Apongozi aakazi, amene zaka zonsezi amatilonjera atagwada patali, nkhope ili kumbali, adalowa ndi nyali m'nyumba imene tidagona, natigwira pamphumi ndi dzanja lao. Adanyowetsa nsalu, natipukuta, natimwetsa madzi. Atatha adati: "Atate, mukadanena. Nafenso ndife anthu. Mukadatifera m'nyumba muno, abale anu tikadakawauza chiyani?"

Mau amenewo sitidawaganizepo ndi kale lonse. Ife tinkayesa kuti matenda ndi athu, ndi kuti powabisa tisenza tokha. Koma tonse tidziwa m'mene ziyendera m'midzi mwathu, ngakhale pakati pa obatizidwa. Munthu achoka kwao ali kuyenda ndi miyendo yake, adya nsima kwa apongozi, nabwerera atanyamulidwa: kodi abale ake adzanena kuti ndi udzudzu? Adzayamba kunong'ona za ufiti, wina adzapita mobisa kukaombeza, ndipo mabanja awiri amene Sakramenti la Ukwati lidawalumikiza adzaleka kupalana moto, ana nkukulira pakati pa udani. Mlandu wonsewo tikadausiya pa mutu pa nkhalamba ziwiri zosalakwa, zimene zidatiphera nkhuku.

Kutacha, Tsiku la Mulungu, alamu adatikweza pa njinga kupita nafe kuchipatala. Adatibaya pa chala, nadontheza magazi pa kachipangizo, ndipo isanathe theka la ola adatiuza kuti ndi malungo. Adatipatsa mankhwala a LA, mapiritsi 24, anai m'mawa ndi anai madzulo kwa masiku atatu, natichenjeza kuti timwe titadya, ndi kuti tisaleke pa njira pakumva bwino. Achikulire akumbukira kuti kale tinkamwa Chloroquine. Dziko lino lidausiya m'chaka cha 1993 pakuti udaleka kugwira ntchito, ndipo Fansidar amene adalowa m'malo mwake adasiyidwanso m'chaka cha 2007. Chiyambire 2019 ulikonso katemera wa malungo wa ana aang'ono, ndipo Mchinji lidali limodzi mwa maboma oyamba kuulandira; koma ife akulu chotitchinjiriza ndi ukonde wa udzudzu ndi kufulumira kukayezetsa.

Chinthu chimodzi chimene adatiuza kumeneko tifuna kuti chimveke m'nyumba zonse. Udzudzu ukaluma munthu, malungo saoneka tsiku lomwelo iai. Papita sabata imodzi kapena ziwiri. Ndiko kunena kuti mlendo amene agwa ndi malungo atagona usiku umodzi pamudzi, adadza nawo kuchokera kwao. Udzudzu wathu udatiluma pakhomo pathu pomwe, mwina usiku uja tidaulesa kutsitsa ukonde chifukwa cha kutentha. Alamu atamva izi adakazifotokoza kwa mayi ao kawiri konse, ndipo tidaona nkhope yao ili kumasuka.

Misa ya tsikulo tidaiphonya, ndipo poyamba mtima udatitsutsa. Koma Eklezia ndi mayi: lamulo la kumva Misa pa Tsiku la Mulungu silimanga wakudwala, kapena iye amene ali kudwazika. Madzulo ake Akristu a mphakati wa m'mudzimo adadza kudzationa, napemphera nafe kolona. Mmodzi wa iwo, gogo wansangala, adatikumbutsa za mpongozi wa Petro woyera, amene adagona ndi malungo ku Kapernao. Adati a m'nyumbamo sadambise kuchipinda pochita manyazi ndi Mlendo wamkulu, koma adamuuza Ambuye msanga, ndipo mayiyo atachira adadzuka nawatumikira. Anthu adaseka, poona kuti kuno zidatembenuka, wogona ndi mkamwini, wotumikira ndi mpongozi.

Tisamveke ngati tili kunyoza ulemu wa pakati pa mkamwini ndi apongozi. Ndi mwambo wabwino, wotchinga mikangano yambiri, ndipo tichita chisoni poona achinyamata ena ali kuutaya. Koma chimene chidatitseka pakamwa tsiku lija sichidali ulemu. Kudali kunyada, kufuna kuoneka mwamuna wolimba pamaso pa akuchikazi. Akulu adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Tikadamvera amayi a kunyumba Lachisanu lija, tikadayamba mankhwala tsiku lomwelo ndi kutumiza mau oona. Ndipo ngakhale tidaumirira ulendo, mau awiri pa malonje akadakwanira, apongozi akadatiphikira phala, osataya nkhuku yao.

Ulendo wa masiku awiri udasanduka wa masiku asanu. Lachitatu, mapiritsi atatha, idaphedwa nkhuku yachiwiri, ndipo mbale zidabwerera kukhitchini zopanda kanthu. Potsazika, apongozi aakazi adabwerera pa malo pao pakale, nagwada patali, nkhope ili kumbali, natuma mwana wao kuti atiuze kuti mtedza ukakumbidwa tidzabwerenso. Adatipatsira maungu awiri ndi mondokwa, ndipo alamu adatiperekeza kufikira pa Boma.