Mwana wa ku Chitipa ayambe kuwerenga m'chiyankhulo chomwe amamva

Mwana wa zaka 6 wa ku Nthalire akalowa Sitandade 1 amapeza chithunzi cha galu m'buku. Aphunzitsi amutsogolera kutchula maphatikizo, ga ndi lu, iye n'kutchula bwinobwino. Koma kwawo nyama imeneyi amaitcha ntchewe. Mawu watchula, tanthauzo lake sakulidziwa.

Apa ndiye pagona vuto la kuwerenga m'boma la Chitipa, lomwe lachita malire ndi Tanzania komanso Zambia. Ku Misuku anthu amayankhula Chisukwa ndi Chindali, ku Ifumbo Chilambya, ku Wenya ndi ku Nthalire Chitumbuka, ndipo kulinso Chinyika, Chimambwe ndi Chinamwanga. Ana ambiri akumidzi amakumana ndi Chichewa chenicheni atafika kusukulu, Chingerezi n'kubwera pamwamba pake. Mwana mmodzi asenze akatundu atatu nthawi imodzi: malembo, Chichewa ndi Chingerezi.

Nkhaniyi si yalero. Mu 1968 boma la Kamuzu Banda lidakweza Chichewa kukhala chiyankhulo cha dziko lonse, ndipo Chitumbuka, chomwe amishoni a Livingstonia ankaphunzitsira, chidachotsedwa m'sukulu ndi pawailesi. Mu 1994 boma la Bakili Muluzi lidayambitsa maphunziro aulere kupulaimale, ana n'kukhamukira m'makalasi. Mu 1996 Unduna wa Zamaphunziro udalamula kuti Sitandade 1 mpaka 4 ana aziphunzira m'chiyankhulo cha kudera kwawo, koma mabuku a ziyankhulo za ku Chitipa sadafike m'manja mwa ana. Lamulo la maphunziro la mu 2013 lidaika Chingerezi patsogolo, ndipo ndondomeko ya National Reading Programme, yomwe idayamba mu 2016, idatsamira pa Chichewa ndi Chingerezi. Pa kusintha konseku, mwana wa ku Misuku ankangotsalira panja.

Kuwerenga kuli ndi mbali ziwiri. Yoyamba ndi kulumikiza lembo ndi liwu lake mpaka mawu atuluke. Yachiwiri ndi kumva zomwe mawuwo akunena. Mbali yoyambayo sivuta kwenikweni chifukwa ziyankhulo za ku Chitipa ndi Chichewa n'zapachibale, maphatikizo ake amafanana. Yachiwiriyo ndiyo imagwetsa ana. Mwana amaloweza tsamba lonse ngati nyimbo, makolo n'kumasangalala, koma akamufunsa zomwe wawerenga amangoti kukamwa yasa. Wotere akafika Sitandade 5, komwe mabuku ambiri ndi a Chingerezi, amayamba kubwereza makalasi, mapeto ake n'kukathera kumunda wa khofi kapena kumsika wa kumalire.

Ena amati ziyankhulo za ku Chitipa zachulukitsa, boma silingasindikize mabuku a chilichonse. Makolo enanso amati mayeso a Maneb a Sitandade 8 ndi a Chingerezi, choncho mwana ayambiretu. Mfundozi n'zomveka. Koma luso la kuwerenga munthu amaliphunzira kamodzi kokha. Amene wadziwa kuwerenga m'chiyankhulo chomwe amamva savutika kusamutsira lusolo ku Chichewa ndi Chingerezi. Kuyambira pa chiyankhulo cha kwawo si kumuchedwetsa mwana, koma kumufupikitsira njira.

Zina sizilira ndalama zambiri. Ofesi ya zamaphunziro m'bomalo iwonetsetse kuti Sitandade 1 ndi 2 akuphunzitsa aphunzitsi odziwa chiyankhulo cha dera lomwe sukuluyo ili, ndipo akhale omasuka kufotokozera ana m'chiyankhulocho. Sukulu yophunzitsa aphunzitsi ya Karonga iwakonzekeretse za kalasi ya ziyankhulo zingapo. A Malawi Institute of Education ku Domasi ndi a Centre for Language Studies ku Zomba angathe kuthandiza kukonza timabuku tating'ono ta nthano za komweko. Ngakhale makatoni akale angadulidwe n'kulembapo mawu m'ziyankhulo ziwiri.

Makolo nawo asangoti zonse ndi za aphunzitsi. Mwana akaweruka, amupatse buku la nyimbo zakutchalitchi kapena chikwangwani cha pagolosale kuti awerenge, kenako amufunse m'chiyankhulo cha pakhomopo kuti wamvapo chiyani. Akalephera kuyankha, apite akakambirane ndi aphunzitsi chaka chisadathe. M'mera mpoyamba.