WAPOLISI SI MSILIKARI, NDIPO MUDZI SI BWALO LA NKHONDO

Abale anchito a m'makomboni, mbala zikaculuka pamamveka mau amodzi-modzi kwa akulu ena. Amati apolisi aphunzire nzeru za nkhondo, aziganiza monga akazembe a asilikari, azizinga mdani ndi kumgwera mbandakuca. Ife tikuti iai! Njira imeneyo dziko lino linaiyesa kale, ndipo manda ace alipo.

Pamene Northern Rhodesia Police inapangidwa mu 1911, ambiri a anthu ace anali asilikari obvala dzina la upolisi, ndipo anamenya nkhondo ndi Ajeremani kuyambira 1914. Mu 1933 gulu la nkhondo linapatulidwa nilichedwa Northern Rhodesia Regiment, koma mtima wa nkhondo unatsalira m'polisi. Pa 29 May 1935, anchito a pa mgodi wa Roan Antelope ku Luanshya atakana nchito cifukwa ca msonkho wokwezedwa, apolisi anaombera ndi kupha anthu 6. Kodi munthu wodandaula za msonkho ndi mdani wa yani?

Onaninso za ku Gwembe mu September 1958. Atonga a mfumu Chipepo anakana kucoka pa minda ya makolo ao, imene madzi a Kariba anali kudzaimiza. Uwu unali mlandu wofuna kukhala pansi masiku ambiri ndi akulu a mudzi. Koma Bwanamkubwa Sir Arthur Benson anafika ndi apolisi a mfuti, nawaimika pamzere kuyang'anana ndi anthu a mikondo ndi zibonga. Anthu 8 anafa. Mwa nzeru za nkhondo Boma linapambana tsiku limenelo, pakuti anthu anakwera malole nasamuka. Mwa nzeru za upolisi linalephera kotheratu, cifukwa linapha anthu amene linayenera kuwasunga.

Musanene kuti nthenda imeneyi inapita ndi atsamunda. Pa 23 December 2020 anthu awiri anaphedwa ndi mfuti pakati pa Lusaka, pamene apolisi anali kubalalitsa khamu.

Inu a ku Msoro, ana a Akunda amene mumatumiza ndalama kwanu m'Malambo, mukudziwa m'mene mbala ya mbuzi imagwidwira. Agogo ena anaona mapazi kumadambo. Mnyamata wina anamva fungo la nyama pa nyumba imene ndiwo zace ndi therere masiku onse. Anyakwawa amva, wapolisi auzidwa, mboni ziimirira pa bwalo la milandu. Cuma conse ca wapolisi ndi pakamwa pa anthu. Tsono afike usiku ndi lole, azinge mudzi wonse, agoneke amuna pansi ndi kuthyola zitseko: mwina mbuzi aipeza, koma kuyambira tsikulo akafunsa kanthu aliyense adzati, "Kaya, bwana, sindinaone." Msilikari akatha nkhondo amabwerera ku kampu. Wapolisi m'mawa mwace adzagula tomato pa msika womwewo, ndipo mwana wace adzakhala benci imodzi ndi mwana wa munthu amene anampondereza ndi jombo.

Ena adzati, nanga opha njobvu okhala ndi mfuti za nkhondo tiwatani, tiwanyengerere? Ai ndithu. Munthu wa mfuti m'thengo afunika kumlondola mocenjera, ndipo pamenepo kudziwa malo, kubisala ndi kumvera wamkulu ziri ndi nchito. Koma cigwa ca Luangwa comweco ndico mboni yathu. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 njobvu zinaphedwa zikwi zambiri, zipembere zinatha psiti, ngakhale alonda a Boma anali ndi mfuti zao. Anthu a m'midzi anali kungopenya, pakuti nyama inali ya Boma, ndipo mlonda anali mlendo wogwira munthu cifukwa ca msampha wa kalulu. Nzeru yatsopano inayesedwa ku Lupande, kwa mfumu Malama, m'zaka za m'ma 1980: kulemba anyamata a m'midzi momwemo kukhala alonda, ndi kubwezera midzi gawo la ndalama za nyama. Ndimo munacokera cikonzero ca ADMADE. Zolakwa zace zinalipo, ndalama sizinali kufika bwino nthawi zonse, koma cinabvomereza poyera kuti mfuti yopanda makutu a anthu siisunga kanthu.

Ngati akulu afunitsitsa kutengako kanthu kwa asilikari, atenge ici: kazembe wanzeru satumiza anthu ace opanda cakudya ndi cokwera. Wapolisi wa kumudzi apatsidwe mthuthuthu ndi mafuta ace, kuti dzinja, misewu ya m'cigwa itasanduka matope, mai womenyedwa ndi mwamuna wace asayembekeze mpaka mvula itakata.