Nyumba ya wina, ngongole ya bilidala

Munthu akamayenda pamsewu wa M1 kuchokera ku Mponela kulowera ku Kasungu, akafika pa Madisi salephera kuona nyumba zimene zidaimira pa lintala. Zina mudamera udzu, zina mukugona mbuzi. Odutsa amamvera chisoni eni nyumbazo. Koma alipo wina amene sakumbukiridwa: bilidala amene adaimika zipupazo, yemwe mpaka lero amalambalala khomo la sitolo ya zipangizo ngati kuti adaba.

Nkhani yake imayamba mokoma. Mvula ikatha, mlimi wa fodya amaitana mmisiri n'kumuuza kuti ayambe ntchito, ndalama zibwera mabelo akagulidwa ku Kanengo kapena ku Chinkhoma. Ya simenti palibe. Wasitolo samudziwa mlimiyo, koma bilidala amamudziwa bwino poti ndi kasitomala wa tsiku ndi tsiku. Choncho dzina limene limalowa m'buku la ngongole ndi la bilidala. Matumba a simenti, malata, misomali ndi matabwa zimakwera pangolo kupita kwa mlimi, ngongole n'kutsalira amene sadzagonamo m'nyumbamo.

Apa mpamene pagona vuto. Kuyambira mu 2012, fodya wambiri m'dziko muno amalimidwa pa kontirakiti, ndipo kampani imayamba yadula ngongole yake ya feteleza ndi mbewu mlimi asanagwire kanthu. Kenako pali matenanti, woyendetsa mabelo ndi fizi ya ana. Bilidala amakhala kumapeto kwenikweni kwa mzere. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, koma mmisiriyu amamanga nyumba yonse podalira wapachala, wa mwini wakenso.

Ndiye taganizani za amene adatenga katundu pangongole kwacha isanagwe ndi 44 peresenti mu November 2023. Wasitolo, amene nayenso amakapikula katunduyo ndi ndalama, sakadalola mtengo wakale. Iye adapereka matumba, ndipo amafuna matumba. Ngongole idakula bilidala ali gone, pamene malipiro ake adatsala pomwe adagwirizana ndi mlimi pansi pa mtengo wa mango.

Wasitolo sangadzudzulidwe. Ngakhale mlimi si nthawi zonse pamene amakhala wachinyengo, ngakhale alipo ena amene ndalama zikangolowa amayamba agula njinga yamoto, foni n'kuthimitsa. Kunena mosapsatira, gawo lina la mlanduwu ndi la mabilidala eni ake. Amaopa pepala. Amaona ngati kupempha munthu wamkulu kuti asaine n'kumunyoza, makamaka ngati amapemphera naye tchalitchi chimodzi. Koma nkhani ikafika kubwalo la majisitireti, funso loyamba limakhala la umboni. Wasitolo amatulutsa buku lake. Nanga bilidala atulutsa chiyani?

Mmisiri amagulitsa luso, si banki ayi. Ngati mwini nyumba alibe ndalama ya simenti, apite yekha kusitolo akalembetse dzina lake, bilidala angomuperekeza kukasankha katundu. Malipiro adulidwe m'magawo: maziko, pawindo, lintala, denga, pulasitala. Gawo likapanda kulipiridwa, chipande chipume. Zonsezi zilembedwe m'kope wamba la ana asukulu, nyakwawa ndi mboni ziwiri zili pomwepo.

Ena anena kuti bilidala wouma mutu chotere aluza ntchito, poti amisiri pa Madisi ndi ambiri ndipo wina avomera lero lomwe. N'zoona, ena aziluzadi. Koma woluza ntchito amagona ndi njala zipangizo zake zili m'nyumba. Mnzake wovomera uja wilibala ndi levulo adagulitsa kale, anyamata amene ankamupondera matope amabwera m'mawa uliwonse kudzakhala pakhonde, ndipo madzulo akuganiza zopita kwa wakatapila.