Sukulu yomvera mwana si ya ku Kabulonga kokha

Ife amene tidutsa ku Woodlands ndi ku Kabulonga popita ku nchito taona zikwangwani pa mipanda zolembedwa dzina lakuti Montessori. Ena a ife, makamaka amai amene asewenza m'nyumba za kumeneko, analowamo kale poperekeza ana a mabwana ao. Pobwerako asimba zodabwitsa. Ana sakhala m'mizere. Wina athira madzi m'kapu, wina asesa, wina awerenga mikanda, ndipo mphunzitsi angoyendayenda mwakacetecete, osagwira mkwapulo. Mwana ndiye asankha nchito yoti acite. Tikamva zotere tingoseka ndi kunena kuti ni za olemera izo, mwana wa m'komboni afunika coko ndi cikoti. Apa abale talakwitsa.

Maria Montessori anali dokotala wacikazi wa ku Italy, ndiponso Mkatolika. Sukulu yake yoyamba anaitsegula pa 6 January 1907 ku San Lorenzo, dera la anthu osauka mu mzinda wa Rome. Ana ake oyamba anali a makolo amene anali kucoka mbandakuca kupita ku maganyu, ana nkutsala okha tsiku lonse akuononga zipupa za nyumba za lendi. Mai ameneyu anawapangira mipando ndi matebulo a msinkhu wao, nawaonetsa kusamba m'manja, kusesa ndi kusamala zinthu. Anawadulira zilembo pa pepala lokhakhala kuti azizikhudza ndi zala. Posapita nthawi ana aja anayamba kulemba okha. Njira imene lero ilipiritsidwa ndalama zambiri kuseri kwa mipanda yamagetsi inabadwira pakati pa ana onga a kwathu ku Misisi ndi ku Chibolya.

Inu alimi anzathu, mverani ya ku Colombia. M'caka ca 1975 kumeneko kunayamba masukulu a kumidzi ochedwa Escuela Nueva, ndipo mmodzi mwa oyambitsa ake ndi mai Vicky Colbert. Bvuto lao linali longa lathu: nthawi yokolola khofi ana anali kujomba, pobwerera napeza anzao apita patali, kenaka nkulekeratu sukulu. Anakonza timabuku tomwe mwana atsata pa liwiro lake, m'kagulu ndi anzake. Akabwerako ku munda ayambira pomwe analekera. Wamkulu athandiza wamng'ono, ndipo ana asankha okha atsogoleri osamala mabuku ndi dimba la sukulu. Ndani wa ife sadziwa mwana amene anataya caka cathunthu kamba ka kukolola cimanga kapena kuweta ng'ombe?

Koma sitifunika kupita kutali. M'zaka za m'ma 1990, pamene ndalama za sukulu ndi yunifomu zinatsekera ana ambiri kunja, ndiponso matenda a Edzi anatisiyira ana amasiye nyumba ndi nyumba, makolo ndi mipingo sanayembekeze boma. Anayambitsa masukulu ao pansi pa mitengo ndi m'machalichi. Bungwe la Zambia Open Community Schools linayambira muno m'Lusaka m'caka ca 1992. Pambuyo pake kunabwera ndondomeko ya maphunziro yochedwa SPARK, yomwe inafupikitsa zaka 7 za pulaimale kukhala zigawo 4, cifukwa ana ambiri anali atakula kale asanaponde m'kalasi. Inalimbikitsa luso la manja, kutengako mbali kwa mwana, ndi nzeru zogwirizana ndi moyo wake. M'caka ca 2000 wailesi inayamba kuulutsa maphunziro a Taonga Market, ana atazinga wailesi imodzi pamodzi ndi wothandiza wa m'dera lomwelo. Zonsezi sizinali zofanana ndendende ndi za Montessori, ai. Koma zinayambira pa funso limodzimodzi: mwana uyu ali pati, ndipo tingamufikire bwanji?

Masukulu ambiri anasiya SPARK nabwerera ku silabasi ya boma, ndipo amene tinakankha zimenezo ndife makolo. Tinafuna mayeso a Giredi 7. Sitidziimba mlandu, pakuti m'dziko muno wopanda setifiketi apita kuti? Koma potaya ndondomeko ija tinataya pamodzi ndi mtima woyang'ana mwana aliyense payekha.

Tiyamika maphunziro aulere a pulaimale amene anabwera mu 2002, ndi a mu January 2022 ofika mpaka Giredi 12. Tiyamikanso kuti caka comweco boma linalemba aphunzitsi opitirira 30,000. Ana anabwerera ku sukulu mwaunyinji, ndipo makalasi anadzaza. Mu 2025 boma linayamba silabasi yatsopano yomwe iika mtima pa zimene mwana akhoza kucita, osati zimene waloweza cabe. Colinga ncabwino. Koma mphunzitsi amene kalasi lake lasefukira mpaka pa khomo sangamve funso la mwana aliyense, ngakhale atakhala wodzipereka cotani. Mwana wocedwa kugwira angokhala kumbuyo, kukopera za pa bolodi, caka nkutha osadziwa kuwerenga dzina la basi yopita kwao.

Pomwepo mwana yemweyo, mukamupeza Loweruka ku Soweto Market akuthandiza ambuye ake kugulitsa tomato, abweza chenji osalakwitsa ngakhale ngwee. Apanga galimoto ya waya yokhala ndi ciwongolero cokhota bwino. Pitani ku Kabwata Cultural Village mukaone m'mene osema aphunzitsirana: kuonera, kuyesa, kuononga mtengo, kuyesanso. Palibe anapatsidwa notsi. Tsono ticita bwanji kunena kuti mwana wotere ni mbuli?

Tinene poyera kuti pali malire. Ku England kuli sukulu ya Summerhill, yomwe A. S. Neill anaiyambitsa mu 1921, kumene mwana sakakamizidwa kulowa m'kalasi ngati safuna. Ife zimenezo sitizivomereza kwa ana athu. Mwana wa munthu wolemera akataya zaka ziwiri, makolo ake adzamulipirira mphunzitsi wapadera. Wathu alibe cogwira cina. Ayenera kudziwa kuwerenga, kulemba ndi masamu, afune asafune, ndipo munthu asacotse mwana ku sukulu ya boma ponena kuti wawerenga nkhani ino.

Cimene tipempha ncapafupi. Maholo a maparishi athu, kuyambira ku Kabwata mpaka ku Chelstone, nthawi zambiri akhala okhoma masana pakati pa sabata, pamene ana amene aphunzira m'mawa angoyendayenda m'miseu. M'mipingo yathu muli aphunzitsi opuma pa nchito, muli anyamata ndi atsikana omaliza Giredi 12 amene akhala cabe pa nyumba, muli akalipentala, osoka ndi alimi a ndiwo. Tsegulani holo masiku awiri pa sabata. Ikani mabuku a Cinyanja ndi a Cingelezi pomwe mwana afikira ndi dzanja lake, sikelo, tepi yopimira, mbeu za repu, waya ndi mapepala. Mwana abwere ndi funso lake, kapena asankhe coti acite, koma acimalize ndi kufotokozera anzake. Amene afuna kudzala repu apime bedi, awerenge mbande, alembe tsiku lomwe wadzala. Masamu ndi kulemba zalowa kale pamenepo.

Cobvuta kwambiri cidzakhala kwa ife akulu, pakuti tinazolowera kuyankha mwana asanamalize kufunsa, ndi kumulanda nchito m'manja akangolakwitsa pang'ono. Pakhale akulu awiri nthawi zonse, mwamuna ndi mkazi, odziwika bwino ku mpingo, kuti ana atetezedwe. Pasakhale malipiro kapena yunifomu, ndipo mwana wa mpingo wina asabwezedwe pa khomo. Nkhani imeneyi tiipereka kwa apampando a makhonsolo a maparishi ndi a mabungwe a amai, kuti pa msonkhano wa mwezi wa mawa ilowe pa mndandanda wa zokambirana, pamodzi ndi funso lakuti kiyi wa holo asunga ndani.