Atolankhani, Nkhani Mumazisiya Panjira

Ndili ndi mlandu ndi atolankhani a m'dziko muno, ndipo sindinong'ona ayi. Nkhani za umbanda mumaziyamba ndi ng'oma, koma kuzimaliza simuzimaliza.

Tsegulani nyuzipepala kapena wailesi, mumve. Apolisi amanga uje, wa zaka zakutizakuti, wochokera m'mudzi mwa uje, Mfumu Yaikulu yakuti. Mudzi wonse mwaupaka matope munthuyo asanaime n'komwe pamaso pa majisitireti. Nanga mlandu unatha bwanji? Zii! Akapezeka wosalakwa, palibe wolemba. Akatuluka pa belo, palibe wofotokozera anthu kuti mlandu ukadalipo, adzabwereranso kukhoti. Ndiye anthu akamuona pamsika amati apolisi adya ziphuphu. Mawa lake wakuba nkhuku akumuveka tayala, wina akuthamangira petulo.

Takumbukirani za anamapopa. Mu Januwale 2003 anthu olusa anagenda Eric Chiwaya, gavanala wa chipani cha UDF ku Blantyre, pomuganizira kuti akusunga opopa magazi. Mphekesera ija inadzukanso mu 2017 ku Mulanje ndi Phalombe, n'kufalikira maboma oyandikana nawo. Anthu anaphedwa, bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma awiriwa, ndipo ku Blantyre mnyamata wodwala khunyu anatenthedwa ndi moto. Namapopa ndi mmodzi yemwe sanapezeke.

Mudzati mphekeserayo sinayambe ndi inu. Zoona, inayambira m'midzi. Koma mawu a mayi wonena kuti amupopa usiku akamveka pa wailesi, amavala jekete. Agogo a ku Thyolo amati, zanenedwa pa wailesi, basi yatha. Mayiyo mantha ake ndi enieni, ine sindimuseka. Chimene ndikufunsa n'chakuti, kodi mumulutse mawu ake musanamve kwa adokotala ngati magazi achepadi m'thupi mwake?

Sindikuti boma litseke pakamwa atolankhani. Mu 2003 apolisi anamanga Maganizo Mazeze wa wailesi ya MIJ chifukwa choulutsa mawu a munthu wonena kuti anamupopa, ndipo kumangako kunangopatsa anthu chifukwa china chokayikira kuti boma likubisa kanthu.

Ine ndikufuna miyendo yanu basi. Apolisi anamanga anthu oposa 100 pa zipolowe za 2017. Tsiku lomangidwa munalipo ndi makamera. Nanga tsiku la chigamulo, ndi angati mwa inu anakhala pa benchi ya khoti la Mulanje, cholembera chili m'manja?