Mlengalenga mulibe pokankhira

Tonse tidakwerapo kabaza wa njinga yamoto kuchokera pa Namadzi kubwera kuno ku Magomero. Injini ikayamba kutsokomola, wakabaza amangotsitsa dzanja, osayang'ana n'komwe, n'kutembenuzira kampopi ka petulo pa RES. Mafuta akatheratu, mumatsika n'kumakankha. Mwachedwa, inde, koma muli moyo. Mlengalenga mulibe pokankhira.

Ena mwa inu mumalota kudzapanga ndege yanuyanu, ndipo sindikukuletsani ayi. Koma maganizo anga ndi awa: wopanga makina amene sawerengera mafuta, kapena saganizira munthu wodzawayendetsa, sanamalize ntchito, ngakhale chinthucho chitauluka.

Pa 12 Okutobala 1997, woimba wotchuka wa ku America, John Denver, adamwalira ndege yake itagwera m'nyanja ku Monterey Bay, ku California. Inali ndege yaing'ono ya mtundu wa Long-EZ, yomwe anthu amapanga okha kunyumba potsatira pulani ya Burt Rutan. Pa pulaniyo, kampopi kosinthira mathanki kamakhala pakati pa miyendo ya woyendetsa. Koma amene adapanga ndegeyi adakasamutsira kuseri kwa phewa lamanzere. Denver anali atangoigula kumene, ndipo adanyamuka ndi mafuta ochepa osawonjezera. Thanki imodzi itauma, adayenera kupotokola thupi kuti afikire kampopiko. Ofufuza adapeza kuti potembenukapo ayenera kuti adaponda chopondera chakumanja chokhotetsera ndege, ndipo idamupulumuka. Anali pafupifupi mamita 150 okha pamwamba pa madzi.

Tsono tiyeni ku fizikisi. Injini ikazima, ndege siigwa ngati mwala. Mapiko amainyamulabe malinga ngati mpweya ukudutsa pa iwo mwaliwiro, ndipo liwirolo imaligula ndi kutsika: gravitational potential energy ija ya m'kalasi imalipira mphamvu imene ikutayika polimbana ndi mpweya. Ndege yaing'ono ngati Cessna 172 imapita kutsogolo pafupifupi mamita 9 pa mita iliyonse imene yatsika. Ikakhala pa mamita 1,000, ikhoza kuyenda makilomita 9. Koma pa mamita 150 imangoyenda mamita 1,350, ndipo pa liwiro la mamita 35 pa sekondi, amenewo ndi masekondi osakwana 40. Kodi m'masekondi amenewo mungafunefune kampopi kumsana, uku mukuyang'ana potera?

N'chifukwa chake oyendetsa ndege amawerengera mafuta m'maola, osati m'makilomita. Tiyerekeze kuti injini imamwa malita 30 pa ola ndipo mwathira malita 45. Muli ndi ola limodzi ndi theka. Ku America lamulo limati woyendetsa ndege yaing'ono masana kunja kuli bwino azikhala ndi mafuta apadera a mphindi 30, ndiye lanu ndi ola limodzi basi. Pa liwiro la makilomita 180 pa ola, mphepo ya makilomita 40 pa ola ikamawomba kuchokera kutsogolo, mufika makilomita 140 okha. Injini siidziwa za mphepo, imangomwa.

Wina anena kuti, "Aphunzitsi, mantha oterewa amapha luso. William Kamkwamba wa ku Kasungu akadaopa, makina ake amphepo aja akadakhalapo?" Funso labwino. Koma makina amphepo akakanika, babu imangozima, mawa n'kukonzanso. Ndege ikakanika, m'mudzi mumagwa maliro, mwina a munthu amene amangolima m'munda mwake. Chinthu chikamaopsa kwambiri, masamu akenso azichuluka. Kumeneko si kupha luso, ndi kulisunga lamoyo.

Ndiye mukamapanga chilichonse ku kalabu ya sayansi, kaya ndi kagalimoto ka batire kapena kadroni, yambani mwayeza kuti mphamvu yake imatha pakapita mphindi zingati. Kenako mupatse mnzanu amene sanachionepo, atseke maso, muone ngati angapeze switchi. Akalephera, vuto si mnzanuyo. Bwererani pa pulani.