Kodi Kusunga Zakale ndi Ntchito?

Mwezi wathawu ndili pa ukwati wina ku Malindi, mayi wina wachikulire anandiitanira pambali nati: "Achimwene, ndithandizeni maganizo. Mwana wanga ndinamuphunzitsa ndi ndalama za usipa mpaka kukoleji. Lero anzake ali kubanki, iye akupukuta fumbi pa miphika m'kanyumba kosungiramo zinthu zakale. Kodi imeneyi ndi ntchito?" Ndinawalonjeza kuti ndikamuona kaye mnyamatayo, ndipo yankho alipeza m'gawo lino.

Tiyambe ndi zowawa. Malipiro a ntchitoyi ndi ochepa ndipo kukwera pa udindo n'kovuta. M'nyumba yaing'ono antchito amakhala owerengeka, tsono mpando wa mkulu utha kukhala zaka zambiri osasowa mwini wake. Wofuna galimoto msanga ayang'ane kwina.

Koma kuchepa kwa antchito komweko ndiko kumaphunzitsa munthu. Ku nyumba yaikulu aliyense ali ndi mbali yake, pamene kuno munthu mmodzi amagwira zonse. Ndinamupeza mnyamatayo m'mawa akulemba m'kaundula. Chinthu chilichonse chikabwera amachipatsa nambala, n'kulemba amene wachipereka, mudzi umene chachokera, tsiku, ndi ntchito yake. Popanda zimenezi, anandiuza, nkhafi yakale siisiyana ndi nkhuni. Akachoka apo amazonda adani ake: chiswe, anankafumbwe oboola mitengo, chinyezi cha m'dzinja chobweretsa nkhungu, ndi dzuwa lofwifwitsa nsalu. Ngakhale thukuta la m'manja amaliopa, pakuti mchere wake umadzetsa dzimbiri pa mikondo ndi makasu. Masana kunabwera ana a sukulu, ndipo ndinamumva akuwafotokozera m'Chichewa, kenaka m'Chiyao pamene ena ankaoneka kuti atsalira. Madzulo anali pa kompyuta kulemba kalata yopempha thandizo lokonzera denga. Ndi ntchito zingati zimene zingamuphunzitse munthu zonsezi m'chaka chimodzi?

Nditamufunsa chimene chimamukondweretsa, anandisonyeza mono wina wopachika pakhoma. Akuti tsiku lina kunabwera agogo ena, msodzi wakale, amene anaima nthawi yaitali pamenepo. Kenaka anati, "Mwanawe, mwalembazi si zoona. Mono uwu si wa panyanja, ndi wotchera pa mathiriro a mtsinje nthawi imene nsomba zikukwera." Anakhala pansi mpaka dzuwa kupendeka, agogowo akulongosola kalukidwe kake ndi nyengo zake, mnyamatayo akulemba. M'mawa mwake anasintha chikwangwani. Pondiuza nkhaniyi nkhope yake inawala kuposa ya munthu amene walandira malipiro.

Taganizani za pa boma la Mangochi. Pafupi ndi mlatho wa pa Shire, kufupi ndi Lake Malawi Museum, pali nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria. Pomwepo pali mfuti ya sitima ya Gwendolen, imene mu Ogasiti 1914 inapita ku Liuli kukaononga sitima ya Ajeremani yotchedwa Hermann von Wissmann. Palinso chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya mu 1946. Zonsezi zinalembedwa kale m'mabuku. Nanga za osema mabwato athu? Nanga m'mene makolo ankadziwira kuti mwera uli pafupi kapena kuti mpoto wayamba? Zambiri zikadali m'mitu ya okalamba, ndipo okalambawo tikuwaika m'manda mwezi ndi mwezi. Mwana wobadwira kunyanja, wodziwa kugwada polankhula ndi akulu ndiponso womva chilankhulo chawo, angazitole bwino kuposa katswiri wochokera kutali.

Ngozi ilipo, ndipo ndinamuuza mnyamatayo mosabisa. Alendo akamabwera mwa apo ndi apo, n'kosavuta kungokhala pakhomo kumaodzera, zaka khumi n'kutha wosaonjezera kanthu. Asunge buku lakelake la zimene wachita ndi zimene waphunzira, pakuti ndilo lidzamulankhulire pofunsira udindo wina. Aphunzire kujambula zithunzi bwino ndi kujambula mawu a okalamba. Pa tchuthi akaone m'mene anzake amachitira ku Chichiri mu Blantyre, ku Mua, kapena ku Karonga kumene nyumba yake inatsegulidwa mu 2004 ndipo imaonetsa chigoba cha chinyama chakalekale chija, Malawisaurus. Akafuna kubwerera kusukulu, ku yunivesite ya MUST ku Thyolo kuli Bingu School of Culture and Heritage yophunzitsa za chikhalidwe.

Tsono mayi, mwana wanu ali pa ntchito, ngakhale kuti malata a nyumba yanu mwina achedwerapo. Wandituma kuti ndikuuzeni kuti simunapondepo kuntchito kwake, ndipo akukudikirani. Akuti mukamabwera mutenge lichero lakale lija la amayi anu, ndipo mubwere ndi kamba, chifukwa mafunso amene ali nawo pa licherolo satha ola limodzi.